Ng'oma ya Freud, Khutu la ku Berggasse

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike. Matani phula pamimba pa mbalule. Mpanje uyambe, gunda ayankhire pansi, amayi mukonze kukhosi kwa nthungululu. Bwalo lalero ndi la nkhalamba ya kutali, ya ndevu zometedwa bwino ndi ndudu yonenepa pakamwa, sing'anga amene analibe nsupa, analibe mphini, analibe jakisoni wa matenda amene ankachiza, koma anali ndi khutu. Ndipo mumveretu: ng'oma yotamanda mlenje imatchula njovu zimene anagwetsa, imatchulanso tsiku limene mfuti inamuphulikira m'manja. Zipsera sitibisa pano.

Gu! Gu! Gu! Tulukani, a Sigmund Freud!

Inu mwana wa Amalia, inu mwana wa Jacob wogulitsa ubweya wa nkhosa! Inu wobadwa pa 6 Meyi 1856 m'kachipinda ka lendi, m'nyumba ya wosula maloko ku Freiberg, m'dziko la Moravia, kumene lero akuti Příbor! Mwana wachisamba wa mayi anu, amene ankakuitanani kuti Sigi wagolide mpaka inu mutamera imvi. Malonda a bambo atagwa munasamukira ku Leipzig, kenako ku Vienna mu 1860, mzinda umene munkaudandaula moyo wanu wonse koma osafuna kuusiya. Inu Mwinikachipinda! Abale anu ankapanikizana, inu muli ndi chipinda chanuchanu, ndipo piyano ya mlongo wanu inatulutsidwa m'nyumba chifukwa inkakusokonezani powerenga. Dzina lanu m'Chijeremani limayandikana ndi liwu loti chimwemwe, koma zaka zoposa 50 munazithera pomvera zisoni za anthu.

Inu Wosaiwala-chipewa! Muli kamnyamata, bambo anu anakusimbirani kuti pa unyamata wawo munthu wina anawagwetsera chipewa chatsopano m'matope chifukwa anali Myuda, n'kuwalamula kuti apatuke. Munafunsa kuti, nanga inu munatani, bambo? Iwo anati anatsikira mumsewu n'kutola chipewa chawo. Mtima wanu unagwa tsiku limenelo. Nkhani ya mwana ndi bambo wake inakubayani ngati munga kuphazi, ndipo munayenda nawo mungawo mpaka ku London.

Womba, wang'oma, mayina akali ambiri!

Inu Mtumbula-mikunga wa ku Trieste! Mu 1876, mukuphunzira zaudokotala pa yunivesite ya Vienna, munang'amba mikunga pafupifupi 400 kufunafuna umuna wa nsomba imene imabisa umuna wake, ndipo munabwerako wopanda yankho logwirika. Inu mwana wa m'labotale ya Ernst Brücke, wosuzumira mitsempha ya tinyama ta m'madzi mpaka maso kufiira! Udokotala munalandira mu 1881. Mukanakhala ndi chuma mukanakalambira momwemo m'labotale, koma munali mmphawi, ndipo maso anu anali atagwa pa Martha Bernays wa ku Hamburg. Chikondi ndi umphawi zinakukankhirani ku wodi. Zaka 4 za chitomero, makalata mazanamazana, ukwati mu 1886, ana 6. Bambo a Mathilde, bambo a Martin, a Oliver, a Ernst, a Sophie, bambo a Anna, lowani m'bwalo!

Inu Wolawa-ufa-woyera! Mu 1884 munakumana ndi mankhwala a cocaine, munawalawa nokha, munawayamikira m'nkhani yosindikizidwa, munatumizako ndi kwa Martha yemwe. Mnzanu Carl Koller ndiye anaona ntchito yake yeniyeni, yochititsa dzanzi diso pa opareshoni, ulemu n'kupita kwa iye. Inu munawapereka kwa bwenzi lanu Ernst von Fleischl-Marxow kuti asiye morphine, ndipo munthu amene anali ndi goli limodzi anapezeka ali ndi magoli awiri. Anamwalira mu 1891. Chipsera choyamba icho. Gunda, lira pansi.

Inu Mlendo wa ku Salpêtrière! Mu Okutobala 1885 munafika ku Paris, kwa Jean-Martin Charcot pa chipatala cha Salpêtrière, kumene odwala ankafa ziwalo mitsempha ili bwinobwino, ankachita khungu maso ali athanzi, ankagwa n'kumaphiriphitha ngati akhunyu. Madokotala ankatcha matendawa hysteria, ambiri n'kumati n'zonamizira. Charcot ankagoneka munthu tulo toitana ndi mawu, tija amati hypnosis, n'kumuuza kuti dzanja lauma, dzanja n'kuuma. Kuti lamasuka, n'kumasukadi. Pamenepo munaona ndi maso anu kuti ganizo lingamange mwendo ngati chingwe. Munabwerera ku Vienna mutasenza funso limodzi: ganizo lomangalo limagona kuti, popeza mwini wake salidziwa?

Imani kaye, ang'oma, dzina lina lilowe. Bertha Pappenheim! Amayi, nthungululu! Mtsikana wa zaka 21 amene anadwala mu 1880 akudwazika bambo ake. Chijeremani chinamuthawa pakamwa n'kumayankhula Chingerezi. Anatha masabata 6 osatha kumwa madzi, ludzu likumuwotcha, mpaka anakumbukira galu akumwa m'tambula ya munthu, nalavula kunyansidwa kumene anakumeza tsiku limenelo, napempha madzi. Dokotala wake anali Josef Breuer, osati inu, a Freud. Mtsikanayo ndiye anaipatsa njirayi dzina loti kuchiza ndi kuyankhula, naiyerekeza ndi kupala mwaye m'chumuni. M'buku limene munalemba ndi Breuer mu 1895 munamubisa m'dzina loti Anna O., ndipo nkhani inamveka ngati anachira. Sanachire pamenepo. Anakagonekedwa kuchipatala ku Kreuzlingen, navutikabe zaka zingapo. Anadzuka yekha, nalera ana amasiye ku Frankfurt, nayambitsa bungwe la amayi achiyuda mu 1904, nalimbana ndi ogulitsa atsikana. Nkhope yake inaikidwa pa sitampa ya West Germany mu 1954. Mbewu inali yake, a Freud. Inu munaitola n'kuilimira munda.

Inu Mwinisofa wa pa Berggasse 19! Munalowa m'nyumbayo mu 1891, munatulukamo mu 1938, zaka 47 makwerero omwewo. Sofa yopatsidwa ndi wodwala, yofunditsidwa kapeti ya ku Persia. Inu pampando kumutu kwake, kumene wogonayo sakuonani. Tiziboliboli takale ta ku Egypt, Greece ndi Rome tili tong'o. Hypnosis munaitaya. Lamulo munaika limodzi: nena chilichonse chafika m'mutu, osapeta, madeya ndi mphale m'lichero limodzi, chonyansa ndi chopusa chomwe. Munazindikira kuti pamene wodwala wangoti duu, pamene wakhotetsa nkhani, pamene wayamba kubwera mochedwa, pamenepo ndiye pali chilonda. Munazindikiranso kuti wodwala amasenzetsa dokotala milandu ya bambo ake ndi chikondi cha mayi ake, ndipo m'kusenzetsako ndi mmene matenda amaonekera poyera. Mu 1896 mwanayo munamutcha dzina: psychoanalysis. Inu Wofunsa-chatsitsa-dzaye! Anzanu ankaunjirira mnyanga wothyoka, inu maso ali m'mwamba mumtengo.

Tsitsani ng'oma. Emma Eckstein, 1895. Munali ndi bwenzi ku Berlin, Wilhelm Fliess, dokotala wa mphuno ndi pakhosi, wokhulupirira kuti matenda ambiri amayambira m'mphuno. Munamupatsa wodwala wanu kuti amuchite opareshoni. Fliess anaiwala nsalu ya pachilonda yotalika theka la mita m'kati mwa mphunomo, nakwera sitima kubwerera kwawo. Tsiku limene nsaluyo inasololedwa magazi anakhuthuka, Emma anatsala pang'ono kutsirizika, inu munachita chizungulire n'kuthawira chipinda china. Pambuyo pake munalembera Fliess kuti magaziwo ankatuluka chifukwa cha zokhumba za mumtima mwa mayiyo. Khutu lalikulu linadzitseka kuti bwenzi lisachite manyazi. Chipsera chachiwiri icho.

Chachitatu chikali kutuluka madzi mpaka lero. Mu 1896 munaima pamaso pa madokotala a ku Vienna n'kunena kuti muzu wa hysteria ndi ana kugwiriridwa ndi akuluakulu. Anakulandirani mozizira. Mu Seputembala 1897 munalembera Fliess kuti chiphunzitsocho simukuchikhulupiriranso, ndipo munatembenukira ku zokhumba ndi zolota za mwanayo. Ena amati apa ndi pamene munapeza khomo la mtima wobisika. Ena, monga Jeffrey Masson mu 1984, amati apa ndi pamene munafulatira ana olira. Ng'oma yauika mlanduwu pabwalo, eni bwalo aukambe.

Kwezani! Mbalule, yankhula!

Inu Mmasulira-maloto, wa mtundu wa Yosefe wa ku Iguputo! Bambo anu atamwalira mu Okutobala 1896 munadzitembenukira nokha, dokotala yemweyo wodwala yemweyo, n'kumasenda maloto anu ngati nzimbe, mfundo ndi mfundo. Buku la Die Traumdeutung linatuluka mu Novembala 1899, koma pachikuto analembapo 1900. Anasindikiza 600 okha, ndipo panapita zaka 8 asanathe kugulidwa. Munati loto ndi chikhumbo chovala chigoba kumaso. Masana mlonda amaima pakhomo la mtima. Usiku akawodzera, zija tinazikankhira kuseri zimalowa, koma zitasintha nkhope kuti mlondayo asazizindikire. Anthu awiri amasanduka mmodzi, nkhani yaikulu imabisala m'kanthu kachabechabe. Omasulira akale ankati loto likulosera za mawa. Inu munati likuulula za dzana.

Inu Mtchera-lilime! Mu 1901 munalemba za tinthu tija aliyense amati n'tangozi: dzina la munthu kukuthawa, kiyi kusowa tsiku lopita kumene sukufuna, lilime kuterereka mwamuna n'kutchula chibwenzi chakale pamaso pa mkazi wake. Inu munati ngozi palibe apa, madzi saiwala khwawa. Chimene munthu wachikwirira chili chamoyo chimakumba njira yake. Chituluka ngati loto, ngati nthabwala, ngati mutu wosamva mankhwala, ngati mantha a kavalo a kamnyamata kaja munakatcha Hans, ngati mimbulu yoyera yokhala phee mumtengo m'loto la mnyamata wa ku Russia. Zolemba zanu zimadzaza mabuku 24 m'Chingerezi, koma mtima wake ungalowe m'mwambi umodzi: mlandu suwola. Kungoti inu munati bwalo lake lili m'chifuwa. Mu 1923 munatchula atatu okhala m'bwalomo: Chija, chosadziwa mawa, cholirira chimene chafuna pompano, Woposa Ine, nkhalamba ya chikwapu yoyankhula ndi mawu a makolo, ndi Ine pakati, nkhoswe yotopa yoyanjanitsa awiriwo.

Inu Mdzutsa-Oedipus! Munafukula nthano ya Agiriki ya munthu amene anapha bambo ake n'kukwatira mayi ake osadziwa, ndipo munati kamnyamata kalikonse kamadutsa pamenepo mumtima: mayi akhale anga ndekha, bambo apatuke. Mu 1905 munanena kuti chilakolako sichidikira kutha msinkhu, chimayambira kubere, ndipo ambiri anakutchani wolaula. Koma mu 1927 Bronisław Malinowski, amene anakhala pa zilumba za Trobriand, anati kumeneko mwana ndi wa kuchikazi, wolanga ndi malume, bambo ndi wosewera naye. Ife odziwa za mbumba ndi mwinimbumba funsoli talimva msanga: kumene bambo ndi mkamwini, ndodo ili kwa atsibweni, Oedipus wanuyo alimbana ndi yani? Munayeza dziko lonse ndi mbale ya ku Vienna, a Freud, ndipo mbaleyo inachepa.

Inu Tambala wa Lachitatu! Mu 1902 anayamba kusonkhana m'chipinda chanu chodikiriramo odwala: Wilhelm Stekel, Alfred Adler, Max Kahane, Rudolf Reitler, khofi patebulo, utsi wa fodya tolo. Mu 1907 kunatulukira mnyamata wamtali wa ku Zürich, Carl Gustav Jung, mwana wa m'busa. Tsiku loyamba munacheza maola 13. Munamuona ngati wolowa ufumu, poopa kuti popanda iye anthu adzati chiphunzitsochi n'cha Ayuda okhaokha. Mu 1908, msonkhano ku Salzburg. Mu 1909 munawoloka nyanja ndi Jung ndi Sándor Ferenczi kukakamba nkhani 5 m'Chijeremani ku Clark University, mumzinda wa Worcester. Mu 1910 ku Nuremberg bungwe la dziko lonse linabadwa, Jung pampando. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Adler anati muzu ndi kudziona wochepa ndi kufuna mphamvu, nachoka mu 1911. Stekel anatsatira mu 1912. Jung anati mtima wa munthu ndi waukulu kuposa za kugonana, ndipo mu 1913 makalata anaduka. Otsala munawagawira miyala yachigiriki yoika pa mphete: Ernest Jones, Ferenczi, Otto Rank, Karl Abraham, Hanns Sachs, kenako Max Eitingon, kagulu kachinsinsi kolondera chiphunzitso ngati dambwe. Rank nayenso anadzapita. Inu amene munalemba za ana oukira bambo wawo, munali bambo wosalola mwana kumera ndevu.

Inu Wosokera-kuchikazi! Mu 1900 mtsikana uja munamutcha Dora anakuuzani kuti mnzawo wa bambo ake akumufuna, ndipo bambowo akuyang'ana kumbali chifukwa iwo akuyenda ndi mkazi wa munthuyo. Munavomera kuti akunena zoona, komabe munamuumiriza kuti pansi pa mtima akumukonda mwamunayo. Anapirira masabata 11, natsazika. Munaphunzitsa kuti mwana wamkazi amakula akusirira chimene mlongo wake ali nacho. Karen Horney anayankha kuti mwina amuna ndiwo amasirira mimba yobala. Komabe bwalo lanu linalandira amayi pamene makomo ambiri a ntchito anali otseka: Lou Andreas-Salomé, Sabina Spielrein, Helene Deutsch, Melanie Klein, Marie Bonaparte, ndi Anna wanu, amene munamugoneka pasofa yanu nokha, bambo kumvera zinsinsi za mwana wake, chinthu chimene ophunzira anu lero amaletsa.

Gunda yekha tsopano, ena mupume.

Nkhondo ya 1914 inaitana ana anu aamuna atatu. Iwo anabwerako amoyo, koma asilikali ena anabwerako akulota mabomba usiku ndi usiku. Loto lotere likukwaniritsa chikhumbo chanji? Munaona kuti chiphunzitso chanu chabooka, ndipo simunachite manyazi kuchisoka: mu 1920 munalemba kuti mwa munthu muli mphamvu yobwereza zowawa, yokokera ku imfa. Mu 1918 ku Budapest munali mutanena kuti amphawi nawonso ali ndi mtima wofuna kumveredwa, ndipo zipatala zaulere zinatsegulidwa ku Berlin mu 1920 ndi ku Vienna mu 1922. Koma maliro anali pakhomo. Mu Januwale 1920 mliri wa chimfine unatenga Sophie. Mu 1923 TB inatenga mwana wake Heinele, wa zaka 4. Chaka chomwecho khansa inamera m'kamwa mwanu, malipiro a ndudu 20 patsiku. Maopareshoni oposa 30, zaka 16, nsagwada yochita kupanga imene munkaitcha chilombo. Sing'anga wa mawu, matenda anakugwirani pakamwa! Fodya simunasiye. Womasula magoli a anthu, lanu munafa nalo m'khosi.

Inu Phulusa-la-mabuku! Mu 1930 mzinda wa Frankfurt unakupatsani mphoto ya Goethe. Ya Nobel sinabwere. Mu 1932 Albert Einstein anakulemberani kufunsa ngati anthu angamasulidwe ku nkhondo. Pa 10 Meyi 1933 mabuku anu anaponyedwa pamoto ku Berlin. Mu Malichi 1938 Hitler analowa mu Vienna, inu mukukanabe kusamuka, mpaka apolisi a Gestapo anatenga Anna n'kumusunga tsiku lathunthu. Marie Bonaparte analipira msonkho wotulukira, Jones anakonza njira. Pa 4 Juni munakwera sitima muli ndi zaka 82, pa 6 Juni munali ku London. Sofa inakutsatirani ku 20 Maresfield Gardens. Alongo anu anayi njira sanaipeze, ndipo onse anafera m'misasa ya chipani cha Nazi. Rosa. Marie. Adolfine. Pauline. Manja achoke pachikopa, mayina awa adutse ng'oma ili chete.

Inu Wotsazika-yekha! Chilonda chitanunkha mpaka galu wanu Lün kuyamba kukutalikirani, munakumbutsa dokotala wanu Max Schur za pangano lanu lakale loti asadzakulekeni kuvutika pachabe. Anakubayani morphine. Pa 23 Seputembala 1939, muli ndi zaka 83, nkhondo yachiwiri ili ndi masabata atatu, khutu la ku Berggasse linatsekeka. Phulusa lanu lili ku Golders Green, mumtsuko wakale wachigiriki, pamodzi ndi la Martha.

Tsopano tigawe chuma chamasiye.

Karl Popper anati chiphunzitso chimene chimapambana wodwala akavomera, n'kupambananso akakana, sichingayesedwe, choncho si sayansi. Ofufuza anafukula makalata napeza kuti ena amene munati achira sanachire: wa mimbulu uja anakalamba akuyendabe kwa madokotala a maganizo, namwalira mu 1979. Aaron Beck anaphunzira njira yanu, naiyesa pa anthu okhumudwa, naona kuti siikukwanira, nayamba yake m'zaka za m'ma 1960, yaifupi, yowongola maganizo a lero lomwe. Mwana wa mlongo wanu, Edward Bernays, anapita nayo nzeru ya zokhumba zobisika kumsika wa ku New York kukagulitsira amayi ndudu mu 1929. Nzeru ya atsibweni inasanduka nyambo ya malonda. Ku Johannesburg, Wulf Sachs anamvera sing'anga wachimanyika zaka zoposa ziwiri nalemba Black Hamlet mu 1937: asing'anga awiri m'chipinda chimodzi, cholembera chili m'dzanja la mmodzi. Frantz Fanon mu 1952 anati bala la munthu wakuda silimveka ukangoyang'ana bambo ndi mayi, osayang'ana mtsamunda.

Nanga m'nkhokwe mwatsalanji? Mwatsala izi: munthu sadziwa zonse za mumtima mwake; zimene zinagwera mwana zimayenda ndi wamkulu; chisoni chimene pakamwa pakana kuchinena thupi limachinena; ola limodzi la kumveredwa popanda kudzudzulidwa ndi mankhwala. Phungu aliyense wotseka chitseko n'kunena kuti yambani, ndikumva, ngakhale wokana dzina lanu, wakudyerani cholowa. Ku Harare agogo a Friendship Bench, ntchito imene anayambitsa Dixon Chibanda, amakhala pabenchi panja pa chipatala kumvera anthu oganiza kwambiri. Njira yawo yayandikira kwa Beck, ndipo kumvera kwa agogo n'kwakale kuposa Vienna. Khutu simunalenge ndinu, a Freud. Inu munalilowetsa m'chipatala, n'kulipatsa mpando wake ndi ola lake.

Zonse pamodzi tsopano! Mpanje, gunda, mbalule! Mwana wa Amalia! Wosaiwala-chipewa! Mtumbula-mikunga! Wolawa-ufa-woyera! Mwinisofa! Wofunsa-chatsitsa-dzaye! Mmasulira-maloto! Mtchera-lilime! Tambala wa Lachitatu! Wosokera-kuchikazi! Phulusa-la-mabuku! Bambo a Anna, gonani. Pamene munamvera munaona kutali; pamene munathamangira kuyankha munapweteka anthu. Ng'oma yatamanda khutu, pakamwa yapasiyira oweruza.

Ndipo inu amene mwaima m'mbali mwa bwalo, mawa wina adzagogoda kwanu n'kunena kuti mtima wanga suli bwino. Musamudule mawu ndi mwambi, musamuuze msanga chimene akutanthauza. Mupatseni mpando, mufunseni chatsitsa dzaye, ndipo akakuuzani zimene zinamuchitikira, muyambe mwamukhulupirira.